Kwa ine chaka cha Coastal Carolina ndi 2016 basi

Dzulo tinatsutsana kwambiri ndi mnzanga wa kuntchito kuno ku Myrtle Beach, ku America. Iye akuti timu ya baseball ya Coastal Carolina University sinasewerepo bwino kuposa mu 2025. Ali ndi mfundo: anyamatawo anapambana masewero 56, ndipo 26 mwa amenewo anali otsatizana. Koma pa ndime yomaliza timu ya Louisiana State University (LSU) inawagonjetsa kawiri, 1-0 ndi 5-3, chikho nkupita ku Louisiana.

Ine ndikukana. Ndi 2016.

Abale anga kumudzi, baseball ya m'makoleji kuno si nkhani yamasewera. Matimu 64 amayamba mpikisano, asanu ndi atatu okha ndiwo amafika ku Omaha, ku Nebraska, komwe amalimbirana chikho cha College World Series. Kumeneko kumadzaza sukulu zikuluzikulu zandalama. Coastal ndi sukulu ya m'katauni ka Conway, ndipo inali isanapondeko ku Omaha chiyambire. Inapita koyamba, nkubwerako ndi chikho. Timu yomaliza kuchita zotere inali Minnesota, mu 1956.

Njira yake ndiyo imandigwira mtima. Anakagonjetsa LSU pakwawo pomwe ku Baton Rouge. Ku Omaha anayamba ndi Florida, yomwe inaikidwa pa nambala 1 m'dziko lonse, ndipo Andrew Beckwith anaponya yekha sewero lonse mpaka kupambana 2-1. Mnyamata uja ankaponya mochokera m'mbali, mkono ukusesa pansi, omenya nkumangophonya. Pa ndime yomaliza Arizona inayamba kuwapanda 3-0, iwo nkubweza 5-4.

Sewero lachitatu mvula inalikankhira Lachinayi masana, pa 30 June. Ndinali pa ntchito, foni nditaitsamiritsa pa botolo la madzi, tonse tili unji pa kagalasi kamodzi. Chigawo chachisanu ndi chinayi, chomwe ndi chomaliza, Coastal ikutsogola 4-3, Arizona ili ndi othamanga awiri, wina pa base (poima othamanga) yachiwiri wina yachitatu. Kumenya kumodzi kokha, zonse zikanathera pomwepo. Manja anga ananyowa thukuta. Alex Cunningham wa Coastal anaponya, womenya anaphonya, sewero nkutha Coastal itapambana, ndipo mayi wina wachikulire amene timagwira naye ntchito anangokhala pansi nkuyamba kulira.

Koma chenicheni chomwe ndimakakamirira 2016 ndi bambo Gary Gilmore. Anaphunzira pa sukulu yomweyi, anaisewerera, ndipo anayamba kuiphunzitsa mu 1996. Chikho chinabwera m'chaka chawo cha 21. Taganizani, zaka zonsezo akufika pafupi nkubwerera, mu 2010 mpaka kupambana masewero 55 koma osafika ku Omaha, sukulu osawachotsa, iwonso osaithawa. Ndikaona momwe timafulumirira kunyoza mphunzitsi akangogonja katatu, ndimawakumbukira bambo amenewa akugwetsa misozi pabwalo tsiku lija.

Ndipo mnzangayo aiwala chinthu chimodzi. Kevin Schnall, yemwe anatsogolera timu ya 2025, anasewera pansi pa a Gilmore, ndipo mu 2016 anali wothandizira wawo. Zomwe akuzitama lerozo zinamera pa munda womwe a Gilmore analima.

Masewero 56 ndimawalemekeza, ndipo ndinawaonera ndi mtima wonse. Koma chipewa chimene ndimavala Loweruka lililonse, chosuluka kale ndi dzuwa, ndi chija ndinagula sabata imene anyamata anatera ndi chikho kuchokera ku Omaha.