Kuthetsa banja popanda loya ku Mchinji, Chipata ndi Ulongwe

Anthu a ku Mchinji ku Malawi, Chipata ku Zambia ndi Angonia ku Mozambique (kumene kuli tauni ya Ulongwe) amalankhula chinenero chimodzi, ndipo ambiri amalowa m'banja mofanana: ankhoswe akumana, agwirizana, banja layamba. Banjalo likafika poti lithe, mayiko atatuwa amasiyana kwambiri, ndipo anthu akumudzi amataya ndalama ya minibasi pogogoda khomo lolakwika. Chimene chimasankha khomo ndi mmene ukwati unamangidwira, kaya pachikhalidwe, kutchalitchi kapena ku boma. Za amene analakwira mnzake zimabwera pambuyo.

Kwa munthu wa ukwati wachikhalidwe amene alibe ndalama ya loya, Zambia ndiye ili ndi njira yaifupi. Kumeneko kuli makhoti ang'onoang'ono otchedwa Local Court, amene amafika mpaka m'madera a mafumu, ndipo lamulo lawo silola loya kuyimira munthu pa mlandu wa banja. Mwamuna wolemera ndi mkazi wogulitsa tomato amaima onse awiri ndi pakamwa pawo basi. Mumafotokoza dandaulo lanu kwa kalaliki, mumalipira ndalama ya samani, mesenjala wa khoti amakapereka samaniyo kwa mnzanuyo, ndipo ku Chipata mlandu umakambidwa m'Chinyanja. Khoti limayamba ndi kufunsa ngati chiwongo chinaperekedwa, amene anapereka ndi amene analandira. Apa ndi pamene amayi ambiri amagwera. Ngati panalibe chiwongo ndipo achibale sanakumanepo, khoti limati palibe ukwati woti liuthetse, chifukwa malamulo a Zambia saona kukhalira limodzi ngati ukwati, ngakhale mutabereka ana asanu. Ndiye musapite nokha. Tengani wachibale amene analipo tsiku lopereka chiwongo.

Ukwati ukathetsedwa, Local Court imatha kulamula chipepeso cholipira mwezi ndi mwezi, ndalama yosamalira ana, komanso kagawidwe ka katundu. Kufooka kwake n'koti oweruza amatsata mwambo wa mtundu wa anthuwo, ndipo mwambo aliyense amaufotokoza mokomera mbali yake. Supreme Court ya Zambia, pa mlandu wa Chibwe ndi Chibwe m'chaka cha 2000, inagamula kuti mkazi wa ukwati wachikhalidwe ali ndi gawo pa chuma cha banja. Ngati mwatuluka ndi mapoto ndi mphasa zokha pomwe munamanga nyumba limodzi, muli ndi masiku 30 ochita apilo ku Subordinate Court, khoti la majisitireti. Ambiri amawataya masiku amenewa podikira kuti achibale akambirane.

Ukwati wa ku boma ku Zambia ndi nkhani ina. Umathetsedwa ndi High Court yokha, potsata Matrimonial Causes Act ya 2007. Simungasume chaka chisanathe chikwatiranireni, ndipo muyenera kuonetsa chimodzi mwa zifukwa zisanu: chigololo, khalidwe losapiririka, kuthawidwa kwa zaka ziwiri, kupatukana zaka ziwiri nonse mutavomereza, kapena kupatukana zaka zisanu. Mapepala ake ndi a Chingerezi, choncho kaonaneni ndi a Legal Aid Board, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu, musanalembe kalikonse.

Ku Malawi makhoti a mafumu a nthawi ya chipani chimodzi anatha m'chaka cha 1994. Lamulo lokhazikitsa makhoti ang'onoang'ono a m'midzi linavomerezedwa mu 2011, koma makhotiwo sanafike kwa anthu, ndiye ukwati wachikhalidwe umathetsedwa kwa majisitireti. Njira yake siyovuta: kalaliki, samani, tsiku la mlandu. Loya saletsedwa, komanso sakakamizidwa, ndipo ambiri amalankhula okha m'Chichewa. Majisitireti amafuna ankhoswe pa zifukwa ziwiri, kutsimikizira kuti ukwati unalipo, komanso kunena ngati nkhaniyo inakambidwapo kumudzi n'kulephereka. Mukafika opanda nkhoswe, kawirikawiri mlandu umayimitsidwa ndipo ulendo watayika. Kalata ya amfumu yonena kuti munasiyana ndi umboni wabwino, koma si chigamulo cha khoti. Munthu amene wangolekana ndi mnzake pamaso pa ankhoswe n'kupita kukakwatira kwa DC akhoza kudzipezera mavuto, ndipo tsiku la maliro mkangano wa chuma cha masiye umayambira pomwepo.

Pa zimene lamulo limapatsa munthu, Malawi ili patsogolo pa Zambia. Marriage, Divorce and Family Relations Act ya 2015 imazindikira ukwati wa ku boma, wachikhalidwe, wachipembedzo, komanso wa anthu amene akhalira limodzi ngati banja kwa zaka zosachepera zisanu. Mayi amene Local Court ya ku Chipata ikanamubweza chifukwa cha chiwongo, ku Mchinji akhoza kupempha khoti lizindikire banja lakelo, atabweretsa mboni monga anansi, amfumu ndi achibale amene ankawadziwa ngati mwamuna ndi mkazi. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko limapatsa mkazi ufulu wogawana mwachilungamo katundu amene anali wa onse awiri ndi kulandira chisamaliro choyenera, ndipo lamulo la 2015 limawerengera ntchito zapakhomo ngati thandizo pa chumacho. Kuphikira aganyu, kupalira fodya, kulera ana mwamuna ali ku Johannesburg, zonsezi nenani m'khoti chimodzi ndi chimodzi, musachite manyazi. Kumene kuli chikamwini, mwambo woti mwamuna amangire mkazi nyumba kwawo makhoti amaulemekezanso, ndipo amatha kulamula kuti amange kapena apereke ndalama yake.

Vuto la Malawi ndi mtunda. Majisitireti ali ndi malire pa kuchuluka kwa ndalama zimene angagamule, komanso saweruza za umwini wa malo. Zimachitika kuti ukwati wathetsedwa pa boma pompo, koma nkhani ya nyumba ndi puloti yatumizidwa ku High Court, imene maofesi ake akuluakulu ali ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu. Kuchokera ku Mchinji kupita ku Lilongwe ndi makilomita oposa 100, ndipo mlandu sutha tsiku limodzi. Amayi ambiri amasiyira panjira pomwepa, nyumba n'kutsala ndi mwamuna. Izi si zachilungamo, ndipo ndi chifukwa chake mpofunika kulembetsa ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu ku Malawi, nkhani isanafike pamenepo. Ukwati wa kwa DC nawonso umapita ku High Court, kumene chigamulo choyamba sichikhala chomaliza: mpaka mutatenga pepala lachiwiri lotsekera, mukadali pabanja. Wa kutchalitchi ndi umene umasokoneza anthu kwambiri. Tengani setifiketi yake mukaonetse kalaliki musanalipire kalikonse, chifukwa lamulo lolembedwa papepalapo ndi limene limaloza khoti loyenera.

Mozambique inatengera dongosolo la Apwitikizi, ndipo ili ndi chinthu chimene mayiko awiri enawa alibe. Ngati nonse awiri mwagwirizana kuti banja lithe, mungathe kukapempha chisudzulo ku ofesi ya kalembera, Conservatória do Registo Civil, osapita kukatsutsana pamaso pa woweruza. Mumayenera kufika mutamvana kale za ana, za chisamaliro, za nyumba, ndi mndandanda wa katundu. Koma khomo limeneli ndi la anthu amene ukwati wawo unalembedwa. Lei da Família ya 2004, imene inakonzedwanso mu 2019, imavomereza ukwati wachikhalidwe ndi wachipembedzo pokhapokha ukalembetsedwa m'kaundula, ndipo mabanja ambiri a m'midzi ya Angonia, Tsangano ndi Macanga sanalembetse. Amenewa lamulo limawaika m'gulu la união de facto, kutanthauza okhalira limodzi, ndipo kuyambira 2019 pamafunika zaka zoposa zitatu, pomwe kale chinali chaka chimodzi. Akasiyana, chimene apeza ali limodzi chimagawidwa ngati cha onse awiri. Makhoti a m'midzi, tribunais comunitários, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992, amayanjanitsa ndi kuthandiza pa mikangano yaing'ono, koma sathetsa ukwati wolembedwa. Mnzanu akakana, nkhani imapita ku khoti la boma, mapepala onse m'Chipwitikizi, ndipo wopanda ndalama thandizo lake lili ku IPAJ, bungwe la boma lothandiza anthu osauka pa milandu.

M'mayiko onse atatu milandu imafera pa zinthu zofanana. Choyamba ndi samani yosafika: khoti siliweruza munthu amene sanauzidwe, ndiye ngati mnzanu anasamuka, funsani kalaliki njira ina yovomerezeka yomudziwitsira, osangodikira. Chachiwiri ndi kupempha chisudzulo chokha. Nenani pakamwa panu kuti mukufunanso chigamulo cha kumene ana adzakhale, ndalama yowasamalira, ndi kugawa katundu, ndipo bweretsani mndandanda wolembedwa: mbuzi zingati, malata angati, njinga, matumba a chimanga, malisiti a simenti ngati alipo. Pa ndalama ya ana, pemphani kuti papepala palembedwe kuchuluka kwake, tsiku lolipira ndi njira yolipirira. Mawu oti "azithandiza ana" palibe angawakakamize.

Mabanja a m'malire ali ndi vuto lina pamwamba pa zonsezi. Chigamulo cha majisitireti wa ku Dedza sichingagwire chokha ng'ombe zimene zili ku Ulongwe, ndipo mesenjala wa ku Chipata sangalande njinga ku Mchinji. Ngati katundu ndi malipiro a mnzanuyo zili tsidya lina, funsani kaye ngati khoti la tsidya limenelo lingamve mlandu wanu, chifukwa ndi lokhalo limene lingamukakamize kulipira.