Mwasiya tsiku la pa 3 Marichi 1913

Alembi, zikomo potikumbutsa za Hedwiga Reicher, koma pamene mwanena kuti mayiyu ankangopatsidwa timbali ting'onoting'ono m'mafilimu opanda mawu, pamenepo ndiye sindikugwirizana nanu. Tsiku lake lalikulu mwalidumpha. Pa 3 Marichi 1913, kutatsala tsiku limodzi kuti Woodrow Wilson alumbiritsidwe kukhala pulezidenti wa America, amayi zikwizikwi anaguba mu Washington kufuna ufulu woponya voti. Pa masitepe a nyumba ya Treasury, likulu la unduna wa zachuma, panachitika sewero, ndipo amene anaima ngati Columbia, chizindikiro cha dziko la America, anali iyeyu, mwana wobadwira ku Germany! Kachifufuzeni chithunzi chake: chisoti kumutu, mkanjo wautali kumsana, ndodo m'manja, ali njo. Ine ndinachiyang'anitsitsa mpaka tsitsi kuchita nyaunyau.

Komanso mbali yake mufilimu ya Lucky Star ya 1929 si yochepa ayi. Ndiye mayi wa mtsikana amene Janet Gaynor anasewera, mayi woumitsidwa mtima ndi umphawi, wokakamiza mwana kupita ndi mwamuna wosayenera. Filimuyi anthu ankaiyesa yotayika mpaka inapezeka ku Amsterdam. Owerenga anzanga amene munaionera, nkhope yotopa ija mwaiiwala?