Mahatchi a ku Exmoor ndi mbawala yothamangitsidwa

Chiyambire kukhala ku Somerset, kumwera chakumadzulo kwa England, ndakhala ndikuona anthu okwera mahatchi akutsatira agalu osaka m'mapiri a Exmoor, ndipo lero ndafuna ndinenepo maganizo anga.

Luso la anthu amenewa sindingalikane. Tsiku lina m'nyengo yozizira ndinaima pafupi ndi Dunkery Beacon, pamalo okwera kwambiri m'derali, otalika mamita 519, ndipo ndinaona mayi wina wachikulire akutsetsereka ndi hatchi yake pa chitunda chimene ine sindikanayerekeza kutsika ndi miyendo yanga popanda ndodo. Anakhala chowongoka pachishalo, atamasulako zingwe kuti hatchiyo izisankha yokha popondapo, ndipo nyamayo inkatsika mwachifatse, ziboda zikukanda miyala yonyowa, mpweya ukufuka m'mphuno ngati utsi. Kunsi kwa chigwa agalu anali kuuwa, lipenga likulira mkati mwa nkhungu. Zoterezi munthu saphunzira chaka chimodzi, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake alimi a kuno amakonda mwambo umenewu ndi mtima wonse.

Chimene chimandiwawa ndi nyama imene ili patsogolo pa agaluwo. Kwathu uzimba timaudziwa, ndipo ine ndinakula ndikuona anyamata akupita kutchire ndi agalu ndi zibonga, koma iwo ankafuna ndiwo, ndipo kalulu akagwidwa nkhani inkathera pomwepo. Kuno mbawala yofiira, nyama yaikulu yanyanga zanthambi, inkathamangitsidwa kwa maola ambiri, kukwera ndi kutsika zigwa, kufikira itatheratu mphamvu n'kukaima m'madzi a mtsinje kudikira mfuti. M'chaka cha 1997 Pulofesa Patrick Bateson wa ku Cambridge anafufuza nkhaniyi atapemphedwa ndi bungwe la National Trust, limene limasamalira malo achilengedwe ndi a mbiri yakale, ndipo anapeza kuti mbawalazo zinkathamanga pafupifupi makilomita 19, minofu ndi magazi ake zikuwonongeka kwambiri. Chaka chomwecho bungweli linaletsa kusaka mbawala ndi agalu pa malo ake.

Lamulo la Hunting Act la 2004, limene linayamba kugwira ntchito mu February 2005 ku England ndi Wales, linaletsa kusaka nyama zakutchire ndi gulu la agalu, komabe linasiya mpata wogwiritsa ntchito agalu awiri povumbulutsa nyama kuti iwomberedwe. Magulu ambiri anayamba kunena kuti amangotsatira fungo lokokedwa pansi, koma pamene fungolo ndi la nkhandwe ndipo ladutsitsidwa m'thengo mmene nkhandwe zimagona, galu sangasiyanitse, ndipo mwini galuyo amadziwa zimenezo. N'chifukwa chake National Trust inaletsanso mchitidwe umenewu pa malo ake mu 2021.

Alimi amadandaula kuti mbawala zikachuluka zimadya msipu ndi mbewu zawo, ndipo dandaulo limeneli ndi loona. Koma mlenje wodziwa ntchito amagwetsa mbawala ndi chipolopolo chimodzi isanadziwe n'komwe kuti pali munthu pafupi. Palinso magulu amene agalu awo amatsatira fungo la munthu wothamanga amene wadzipereka yekha, ndipo okwera mahatchi amadutsa mapiri omwewo, matope omwewo, ndi kulumpha mipanda yomweyo. Kusaka kumeneko ndiko ndingapite kukaonerera pa 26 December, tsiku limene magulu osaka amasonkhana, ndipo ndingapite ndi ana anga.