Mumakambirana za mbalame, nanga wotchera misampha mwamusiya kuti?

Ndilembe izi ngakhale ndikudziwa kuti anzanga ena a m'mabungwe a zachilengedwe andikwiyira. Malume anga anali mlenje. Anali munthu wa kabudula wa zigamba ndi agalu atatu owonda, wodzuka tambala woyamba kupita ku dambo la Chilwa kukaonjola misampha. Kwathu ndi kufupi ndi ku Kachulu, m'boma la Zomba. Chaka chimene matemba asowa, ndiwo zathu zinali mbalame za malumewo, ndipo yunifolomu yanga yoyamba ya kusekondale inachokera m'mbalame zowamba zimene mayi ankagulitsa pamsika. Choncho musandione ngati woweruza pa nkhaniyi. Ndinadya nawo.

Tsiku lina ndili mwana ndinawatsatira kudambo nyengo ya dzinja. Ndinapeza chisa m'kati mwa njedza, mazira ali mbuu, ndipo ndinawaola onse n'kuika m'chipewa. Ndinkayembekeza kuti andiyamikira. Malume anangoyang'ana m'chipewamo n'kunena kuti, "Mphwanga, ukufuna chaka chamawa ndidzatchere chiyani? Kabweze pomwe wawatenga." Ndinabwerera m'matope ofika m'mawondo, misundu ikundimata, kukabweza mazirawo. Munthu ameneyo sanapiteko kusukulu, koma ankadziwa mwezi umene atsekwe amaikira, mbali ya dambo imene abakha amagona madzi akayamba kuphwera, ndiponso mbalame zimene zimangobwera nyengo ya mvula n'kudzapitanso. Galu wamkota sakandira pachabe. Akanena kuti chaka chino mbalame zachepa, zinalidi zitachepa.

Patapita zaka, bungwe lina, sindilitchula, linabwera m'dera lathu ndi msonkhano wa masiku awiri wokamba zoteteza mbalame. Anaitana mafumu, aphunzitsi, abusa ndi anthu a m'makomiti a chitukuko. Panali malaya olembedwa uthenga kumsana, panali Fanta, panali alawansi. Mlenje ngakhale mmodzi sanaitanidwe. Malume anamva za msonkhanowo kwa ana asukulu amene anabwera kunyumba akuimba kuti wopha mbalame ndi mdani wa dziko. Anthu amene anakhala pamipando kukambirana za mbalamezo, ambiri a iwo sakanatha kusiyanitsa dzira la tsekwe ndi la bakha wapakhomo. Galimoto itapita, misampha inapitirira monga kale. Nanga ikanaleka bwanji, poti mwini msampha palibe anamufunsa?

Apa ndiye pali dandaulo langa. Mabungwe ambiri oteteza zachilengedwe amamuona mlenje wa kumudzi ngati matenda ofunika mankhwala, pomwe iyeyo ndi amene amalidziwa tchire kuposa aliyense, ndipo nyama zikatha woyamba kugona ndi njala ndi iye.

Chodabwitsa n'chakuti mabungwe omwewa anabadwira m'manja mwa alenje. Bungwe limene lero likutchedwa Fauna & Flora linayamba ku London mu 1903, ndipo ambiri mwa oliyambitsa anali azungu amene anapha njovu ndi njati zosawerengeka mu Africa muno, mpaka anzawo ankawanyoza kuti ndi akupha olapa. Kuno kwathu, Wildlife and Environmental Society of Malawi (WESM) inayamba mu 1947 ndi dzina lakuti Nyasaland Fauna Preservation Society. Nthawi ya atsamunda malamulo ankalola munthu wa mfuti ndi laisensi kusaka, koma uzimba wa pamudzi, mbuna, ukonde ndi agalu ankaziona ngati nkhanza za anthu osazindikira. Mzungu akapha nyama ankati ndi masewera, agogo athu akapha nyama yomweyo ankati ndi kuba. Maganizo amenewo sanapite ndi mbendera ya atsamunda mu 1964. Ngakhale titadzilamulira, anthu anasamutsidwa ku Nyika pamene pakiyo inkakuzidwa mu 1978, ndipo zidzukulu zawo zikakamba nkhaniyo mpaka lero mumamva kuti bala silinapole.

Tsono ndisanamizire kuti alenje onse ndi ngati malume anga. Ayi ndithu. Amene anaonapo nyama itakodwa pa khwekhwe la waya amadziwa chimene ndikunena. Waya sasankha. Wotchera amafuna gwape kapena nguluwe, koma mumakodwa mwana wa njovu, mumakodwa fisi, mumakodwa mkango, ndipo nyamayo imavutika masiku ambiri mwendo ukuwola. Nthawi zina wotcherayo sabwereranso n'komwe, nyama n'kungowolera pamenepo. Pamene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira paki ya Liwonde mu 2015, linapeza tchire lodzala ndi mawaya, ndipo kuchokera nthawi imeneyo achotsamo oposa 40,000. Ku Majete zinthu zinafika poipa kwambiri: pofika 2003, pamene bungwe lomweli linkalowa kumeneko, munalibe njovu, munalibe chipembere, munalibe mkango. Lero zonsezi zilimo, mikango inabwezeretsedwa mu 2012, ndipo anthu a ku Chikwawa akupeza ntchito kumeneko. Amene angakane kuti pamenepa pagwirika ntchito yotamandika ndiye kuti ali ndi kaduka chabe.

Ndiponso tisaiwale kuti tachuluka. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'dziko muno, wa 2018 anapeza oposa 17 miliyoni. Malamulo a makolo, oti uzimba uchitike chilimwe chokha mfumu italoleza, oti nyama ya bere isiyidwe, ankagwira ntchito pamene tchire linali lalikulu ndipo osaka anali ochepa odziwana. Lero mnyamata amayatsa phiri lonse pofuna mbewa khumi zokagulitsa m'mbali mwa msewu wa M1. Ameneyo sindingamuikire kumbuyo. Ndipo uja wonyamula minyanga ya njovu, nyanga za chipembere kapena ngaka kupita nazo kwa ogula akunja, ameneyo dzina lakuti mlenje silimuyenera, ndi wamalonda a katundu wakuba. Lamulo la nyama zakutchire limene linakhwimitsidwa mu 2017, lofika mpaka zaka 30 m'ndende, kwa anthu otere ine ndilibe nalo vuto. Lin Yunhua, mzika ya ku China, atagamulidwa zaka 14 mu 2021 pa mlandu wa nyanga za chipembere, ndinaomba m'manja ngati wina aliyense.

Vuto limabwera tikawaika onsewa m'thumba limodzi. Bambo wogwidwa ndi kalulu m'mphepete mwa munda wake ndi munthu wotumiza minyanga ku Asia timawatchula dzina limodzi, opha nyama mozembera. Mukamutcha munthu wakuba tsiku ndi tsiku, musadabwe akaona alendo a mfuti akulowa m'paki usiku iye n'kungotseka chitseko chake osauza agemu.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti njira ina ilipo, ndipo inayesedwa pakhomo pathu pomwe. Nyanja ya Chilwa inalowa m'ndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse wa Ramsar mu 1997, malo oyamba m'Malawi muno. Ofufuza atawerengera m'zaka zimenezo anapeza kuti mbalame zogwidwa kumeneko pa chaka zinkapitirira miliyoni imodzi, makamaka nyanja ikaphwa monga inachitira mu 1995, asodzi ambiri n'kusanduka otchera mbalame. Chanzeru chimene chinachitika n'chakuti m'malo mongotumiza apolisi, alenje a mbalamewo anathandizidwa kupanga makalabu awoawo. WESM inagwira nawo ntchito, ndipo thandizo lina linachokera ku bungwe la alenje a ku Denmark. Taonani, alenje a ku Ulaya kuthandiza alenje a ku Chilwa, chifukwa ankamvana chinenero chimodzi: ukapha yoikira mazira, mawa ulibe chosaka. Makalabuwo anagwirizana miyezi yotseka nthawi yoswana, anapatula malo ena kuti mbalame zisamasokonezedwe, ndipo wophwanya pangano ankaweruzidwa ndi anzake omwe pamaso pa mfumu. Sindikunena kuti zonse zinayenda myaa. Thandizo la ndalama likatha makalabu ena amafooka, ndipo njala ikavuta, monga nyanja itaumanso mu 2018, pangano limavuta kusunga. Koma lamulo loikidwa ndi mnzako amene mumakumana naye m'njedza m'mawa uliwonse limaluma kuposa chikwangwani cha m'mbali mwa msewu.

Anzathu a ku Zambia, m'chigwa cha Luangwa, anachitanso zofanana ndi zimenezi kudzera ku bungwe la COMACO, limene analiyambitsa Dale Lewis. Kumeneko munthu amapereka mfuti yake ya gogodela ndi mawaya ake, iwo n'kumuphunzitsa ulimi wa mtedza, mpunga, soya kapena njuchi, kenaka n'kumamugula zokololazo pa mtengo wabwino. Chiponde ndi uchi wolembedwa It's Wild! umene mumauona m'mashopu a ku Chipata ndi ku Lusaka umachokera kwa alimi amenewa. Iwo anazindikira kuti munthu satchera waya chifukwa chodana ndi mbawala. Amatchera chifukwa nkhokwe yapepuka mwezi wa Januwale.

Ndiye pali nkhani ya ku Kasungu. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku paki ya Kasungu. Pa zithunzi zinali zokongola, njovu zikukwezedwa pa magalimoto, dziko lonse likuyamikira. Koma anthu okhala m'malire mwa pakiyo, mbali ya Malawi ndi mbali ya Zambia yomwe, akhala akudandaula za minda yowonongedwa ndi abale awo ophedwa ndi njovu. Munthu amene wagona panja miyezi itatu akuimba zitini kulondera chimanga, n'kudzuka m'mawa wina kupeza munda wonse uli pansi, mukamuuza kuti njovu ndi chuma cha dziko amakuyang'anani ngati mwamutukwana. Chuma cha dziko chimene chimadya kwa iye yekha? Ngati iye apha njovuyo, ndende ikumudikira. Ngati njovuyo ipha iye, anthu amangosonkha za maliro. Masamu amenewa aliyense wa kumudzi amawadziwa, ndipo ndi amene amabala chidani pakati pa midzi ndi agemu, amenenso ambiri mwa iwo ndi ana a m'midzi momwemo ndipo ena amafera pa ntchitoyo.

Za alenje olemera ochokera kunja, aja amalipira madola zikwizikwi kuti aphe nyama imodzi n'kutenga mutu wake, sindikhalitsapo chifukwa kwathu kuno si nkhani yaikulu monga ilili ku Zimbabwe, Zambia, Namibia ndi Botswana. Koma ndimaona chinthu chimodzi. Mkango uja Cecil utaphedwa ndi mlenje wakunja pafupi ndi paki ya Hwange ku Zimbabwe mu 2015, dziko lonse linalira. Botswana inaletsa ulenjewu mu 2014 n'kuubwezeretsa mu 2019 anthu a m'midzi atadandaula za njovu, ndipo mu 2024 pulezidenti wa dzikolo wa nthawi imeneyo, Mokgweetsi Masisi, anaopseza kuti atumiza njovu 20,000 ku Germany kuti akalawe okha kukhala nazo. Mkangano wonsewo, mbali ina kuli mabungwe a ku Ulaya, mbali ina kuli makampani a ulenje ndi maboma. Onse ali ndi owalankhulira, onse amakwera ndege kupita ku misonkhano. Mlenje wa madola amakhala pa tebulo, ena n'kumamutcha bwenzi la zachilengedwe. Mlenje wa agalu atatu dzina lake limangomveka kukhoti.

Ndikudziwa ena mundiuza kuti ndikulimbikitsa kupha nyama. Werenganinso. Ine ndikufuna mdzukulu wanga adzaone tsekwe akuuluka pa Chilwa, osati pa chithunzi cha m'buku la sitandade 5. Chimene ndikupempha kwa inu a mabungwe n'chakuti mukafika pamudzi, musanafunse kuti wapampando wa komiti ndi ndani, funsani kuti amene amatchera kwambiri kuno ndi ndani. Mupiteni kunyumba kwake, mukhale pamkeka, mumufunse chimene chasintha m'tchire zaka khumi zapitazi. Mukafuna owerenga mbalame kapena olondola mapazi a nyama, lembani iyeyo, ndipo muzimulipira ngati katswiri, osati kumupatsa botolo la Fanta. Ndi inunso alenje anzawo a malume, waya uja tayani, ndipo moto wa mbewa uja ukutichititsa manyazi tonse.

Paja ndinatchula malaya a pa msonkhano uja. Amfumu analandira awiri, ndipo amodzi anapatsa malume posinthana ndi abakha awiri owamba. Malume anawavala zaka zambiri mpaka anachita zibowo m'khwapa. M'mawa uliwonse ankalowa nawo m'njedza, misampha ili paphewa, kumsana kutalembedwa kuti Tetezani Mbalame.