Wotumidwa akadwala, mpingo womutuma uli kuti?

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, pali nkhani imene yakhala ikundidya mumtima, ndipo lero ndati ndiitulutse. Ndi ya mabanja amene mipingo imawatuma kukalalikira kunja kwa dziko lawo. Tsiku lotsanzikana nawo timadzaza tchalitchi, kuwasanjika manja, kuimba mpaka mawu kusasa. Akangonyamuka, chimene timadikira ndi malipoti: atembenuka mtima ndi angati, abatizidwa ndi angati, ntchito yomanga yafika pati. Za mwana amene wakhala akutsegula m'mimba sabata yathunthu, za mayi amene tulo tinawathawa kalekale, sitifunsa. Kumeneku ndi kulakwa, ndipo olakwa ndife otsalafe.

Ambiri tikaganiza za mmishonale timaona munthu ataima, Baibulo m'manja, khamu litamuzungulira. Zimachitikadi, koma kwa maola ochepa pa sabata. Nthawi yonse yotsalayo ndi moyo wapabanja ngati wa wina aliyense, kungoti wolemera kuposa. Kuphika, kuchapa, kuima pamzere ku ofesi ya boma kuti chilolezo chokhalira m'dzikomo chisathe, kuloweza mawu a chilankhulo chimene lilime likukana, kuphunzitsa ana pakhomo poti sukulu yapafupi imaphunzitsa m'chilankhulo chimene anawo sachimva. Akasemphana mawu m'nyumba, palibe wachibale woti akhale pakati. Ndipo anthu a kumaloko amayang'ana zonsezi. Asanamve ulaliki umodzi amakhala ataona kale mmene bamboyo amayankhulira ndi akazi ake, mmene mayiyo amamulipirira wowathandiza ntchito, mmene banjalo limalirira likaferedwa. Nyumba ya mmishonale imalalikira iye asanakwere pa guwa.

Tsono taganizirani usiku umodzi. Mwana wa zaka zitatu watentha thupi, akunjenjemera, akusanza chilichonse chimene wamwetsedwa. Mayi akumuika kansalu konyowa pachipumi, maso ali pa mpweya wa mwanayo. Bambo ali pafoni, akufuna galimoto. Akafika kuchipatala, namwino akufunsa mafunso mofulumira, iwo akumva mawu awiri mwa khumi. Amadziwa kunena za chikondi cha Mulungu m'chilankhulocho chifukwa anachita kukonzekera, koma kunena kuti mwanayu anakomoka pang'ono panjira ndipo mkodzo wake wada, mawu ake alibe. Palibe agogo oti atsale ndi ana enawo, palibe azakhali oti adikirire matenda. Kukacha, Lamulungu lafika, anthu asonkhana, ndipo bamboyo ayenera kuimirira kutsogolo. Zoterezi sizilowa m'kalata yopita kumpingo, ndipo chifukwa chake tikuchidziwa: amaopa kuti othandiza angaganize kuti ndalama zawo zikupita pachabe, kapena kuti chikhulupiriro chawo chazilala.

Zimenezi si zalero. William Carey timamutchula ndi ulemu, ndipo ndi woyeneradi ulemuwo. Anapita ku India mu 1793, anamasulira Baibulo m'Chibengali ndi zilankhulo zina. Koma ndi angati amadziwa za Dorothy, akazi ake? Mayiyu poyamba anakana ulendowo, anali woyembekezera, ndipo anavomera atangochira kumene, m'bale wake atalola kuwaperekeza. Mu 1794 mwana wawo Peter, wa zaka zisanu, anamwalira ndi kamwazi. Kuchokera pamenepo mutu wa Dorothy unasokonekera, ndipo sanachire mpaka anamwalira ku Serampore mu 1807. Ana otsalawo anakulira m'manja mwa Hannah Marshman, mkazi wa mmishonale mnzawo, chifukwa bambo awo anali atamira m'ntchito.

Ya Mary Livingstone, mkazi wa David Livingstone, imandipweteka kwambiri. Anali mwana wa amishonale, wa a Robert Moffat, wobadwira kum'mwera kwa Africa, wodziwa moyo wa kumeneko kuposa amuna ake. Anadutsa chipululu cha Kalahari ndi ana ang'onoang'ono, ali woyembekezera. Khanda lawo Elizabeth linamwalira mu 1850 litangokhala masabata owerengeka. Mu 1852 anatumizidwa ku Britain ndi ana anayi, dziko limene kwa iye linali lachilendo, ndipo anakhala kumeneko zaka zinayi mu umphawi ndi kusungulumwa, akusamukasamuka, pamene dzina la amuna ake linkakula. Atabwerera kudzakhala nawo, malungo anamutenga ku Shupanga, m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi, pa 27 April 1862, ali ndi zaka 41. Mwana wawo wotsiriza, Anna Mary, anadzaonana ndi bambo ake koyamba ali ndi zaka zisanu. Hudson Taylor nayenso ku China anaika m'manda mwana wake Grace mu 1867 ndi akazi ake Maria mu 1870.

Sinditchula mainawa kuti ndichepetse amuna amenewa. Anagwira ntchito imene ambirife sitingaiyese n'komwe. Komanso pali zimene sankadziwa. Kuti malungo amafalitsidwa ndi udzudzu zinadziwika mu 1897, Ronald Ross atachita kafukufuku ku India. Isanafike nthawiyo anthu ankaganiza kuti ndi mpweya woipa wa m'madambo, n'kumangomwa kwinini. Ife lero tikudziwa. Pali neti, pali mankhwala omwa poteteza, pali kachipangizo koyezera magazi kamene kamapereka yankho m'mphindi zochepa, pali katemera wa yellow fever ndi wa typhoid. Banja likamavutika lero ndi zinthu zopeweka chifukwa mpingo sunaikepo ndalama ya mankhwala, tisanamizire mtanda. Ndi ife amene sitinawerengere.

Ngakhale amishonale akalewo ankagwiritsa ntchito nzeru. A Livingstonia anayamba ku Cape Maclear mu 1875. Manda atachuluka, mwa iwo a Dr William Black ndi a Shadrach Mngunana amene anachokera ku sukulu ya mishoni ya Lovedale ku South Africa, onse awiri mu 1877, anasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 anakwera kumtunda ku Khondowe. Matenda anali chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu zosamukira. Dr Robert Laws, mtsogoleri wa mishoniyo, sanaone kusamukako ngati kuthawa nkhondo ya Ambuye. Anafuna kuti antchito akhale ndi moyo kuti ntchito ipitirire, ndipo iye mwini anatumikira zaka zoposa 50.

Pali chiphunzitso china chimene chimandiwawa ndikachimva: chakuti wotumidwa ndi Mulungu sadwala, ndipo akadwala ndiye kuti pali tchimo kapena sanaitanidwe. Kodi amene amanena zimenezi amawerenga makalata a Paulo? Pa Agalatiya 4:13 Paulo akuwakumbutsa kuti anawalalikira koyamba chifukwa cha kudwala kwa thupi lake, ndipo akuwayamikira kuti sanamunyoze. Pa 2 Timoteo 4:20 akunena mosabisa kuti Trofimo anamusiya akudwala ku Mileto. Timoteo anali wa m'mimba kawirikawiri, ndipo Paulo anamupatsa malangizo a zoti amwe. Munthu amene Mulungu anachiritsa anthu kudzera m'manja mwake anasiya mnzake pabedi n'kupitiriza ulendo, ndipo sanachite manyazi kulemba zimenezo.

Koma ndime imene ndikufuna tiisinkhesinkhe ndi Afilipi 2:25-30. Mpingo wa ku Filipi unatuma Epafrodito kukatumikira Paulo m'ndende. Anadwala kumeneko mpaka pafupi kufa. Atachira, Paulo anamubweza kwawo. Onani mmene akumutchulira: m'bale, wantchito mnzake, msilikali mnzake. Akuti Mulungu anamuchitira chifundo Epafrodito, ndiponso iye Paulo, kuti asakhale ndi chisoni pamwamba pa chisoni. Akutiuzanso kuti Epafrodito ankalakalaka abale ake, ndipo ankavutika mumtima chifukwa iwo anamva zoti wadwala. Kenaka akulamula mpingo kuti umulandire ndi chimwemwe chonse ndi kumuchitira ulemu. Paulo anadziwa mitima ya anthu. Anadziwa kuti ena akanayamba kunong'onezana kuti tinamutuma koma wabwerera panjira, ndiye anatseka pakamwa pawo kalata isanathe. Mtumiki wodwala, wolakalaka kwawo, wobwerera nthawi isanakwane, Malemba akuti alandiridwe ndi ulemu. Nanga ife timawalandira bwanji?

Ndipo matenda si a thupi okha. Masiku ano otumidwa ambiri akuchokera ku Nigeria, Brazil, South Korea ndi maiko ena otero, ena akupita kumaiko ozizira kumene nthawi yachisanu dzuwa limalowa masanasana ndipo mnansi sakugogoda pakhomo. Kumeneko udzudzu kulibe, koma kuli kusungulumwa, kuli nkhawa, kuli kutopa kumene tulo sitikuchotsa. Mayi amene kwawo anali mphunzitsi kapena namwino amapezeka ali m'nyumba tsiku lonse chifukwa chilolezo chake sichimulola kugwira ntchito. Amaferedwa mayi ake n'kumvera maliro pafoni. Akanena kuti mtima wake walema amauzidwa kuti apemphere kwambiri. Pemphero ndi lofunika, ndipo sindingalichepetse. Koma Eliya atagona pansi pa kamtengo m'chipululu n'kupempha imfa, mngelo sanamudzudzule. Anamudyetsa, anamusiya agone, anamudyetsanso. Yesu mwini, ophunzira atabwera kuchokera kumene anawatuma, anawauza kuti apite kwa okha akapumule. Munthu wovutika maganizo amafunika phungu wodziwa ntchito yake, ndipo nthawi zina dokotala ndi mankhwala, pamodzi ndi mapemphero athu.

Ana nawo sanafunsidwe. Maitanidwe anamva ndi makolo, koma anzawo osewera nawo anasiya ndi iwo. Amakula akuyankhula chilankhulo cha kumene akukhala, n'kubwerera kudziko limene aliyense akuwauza kuti ndi kwawo pamene iwo sakudziwa njira yake. A China Inland Mission anatsegula sukulu ya ana a amishonale ku Chefoo, m'dziko la China, mu 1881 chifukwa anaona kuti nkhani ya ana siyodumpha. Koma sukulu zogonera komweko zinali ndi mabala akenso: ana aang'ono ankatha miyezi yambiri osaona makolo, ndipo mabungwe ena a mishoni anadzavomereza patapita zaka kuti m'sukulu zawo zina ana ankazunzidwa, anawo ali chete poopa kusokoneza ntchito ya Mulungu. Kwa abale anga otumidwa ndinene mwachikondi: Yesu anadzudzula anthu amene ankamana makolo awo thandizo ponena kuti chumacho chaperekedwa kwa Mulungu. Sindikhulupirira kuti amakondwera tikamana ana athu nthawi ndi chisamaliro pa chifukwa chomwecho. Mwana wanu akafuna kuti mukhale naye madzulo, msonkhano ukhoza kudikira.

Carey asananyamuke anauza anzake kuti iye atsikira m'dzenje bola iwo agwire chingwe. Andrew Fuller, mmodzi wa anzakewo, anachigwiradi, anakhala mlembi wa bungwe lawo la mishoni kuyambira 1792 mpaka imfa yake mu 1815, akuyenda kupempha thandizo. Kugwira chingwe masiku ano kuli ndi maina ake odziwika. Banja lisananyamuke, mpingo udziwe chipatala chimene chili pafupi ndi kumene akupita, ulipire inshulansi ya zaumoyo ya onse mpaka khanda, ndipo pakhale ndalama yosungidwa yoti wodwala kwambiri athe kusamutsidwa msanga. Ndalama ya mwezi ndi mwezi ifike pa nthawi yake, chifukwa matenda sadikira komiti kuti ikumane. Tchuthi chikhale tchuthi. Mpingo wa ku Antiokeya utalandira Paulo ndi Barnaba, anafotokoza za ulendo wawo, kenaka anakhala ndi abale nthawi yaitali. Ife timawayendetsa mpingo ndi mpingo akupempha ndalama, n'kubwerera atatopa kuposa mmene anafikira. Kumbukiraninso kuti munthu wokulira kudera la malungo akakhala zaka kumene kulibe, chitetezo chake chimachepa, ndipo ana ake obadwira kunja alibiretu. Akabwera ku tchuthi, neti ndi mankhwala zikhale zokonzeka.

Ena anena kuti mpingo wathu ndi wosauka, zonsezi sitingazithe. Ndikumva, ndipo sindikunyoza umphawi wa mpingo uliwonse. Mutu umodzi susenza denga: mipingo ingapo ikhoza kugwirizana kutuma banja limodzi n'kulisamala bwino, m'malo moti uliwonse utume lake n'kulisiya lidzionere. Ndipo zina sizifuna ndalama. Payenera kukhala munthu mmodzi kapena awiri, okhwima ndi osunga chinsinsi, amene banjalo lingawauze zoona osaopa kuti zikalengezedwa pa guwa. Mayi wa m'nyumbamo akhale ndi mayi mnzake womuimbira foni, womufunsa za thupi lake ndi za mtima wake, osati za chiwerengero cha amayi obwera ku maphunziro a Baibulo. Ana alandire uthenga wawowawo, wotchula maina awo.

Ndipo tsiku limene adzalembe kuti tikubwerera, dokotala wati sitingapitirize, kapena mwana wathu sakupeza bwino, pasakhale mlandu. Akalandiridwe pabwalo la ndege ndi anthu omwe aja anawaperekeza. Apezeredwe pokhala, aperekezedwe kuchipatala, ndipo thandizo lawo lisadulidwe mwezi womwewo ngati kuti atha ntchito. Lamulungu loyamba musawaimike kutsogolo kuti afotokoze chimene chinachitika. Asiyeni akhale pabenchi ndi ana awo, amve Mawu ngati wina aliyense, adzayankhula okha akapeza mphamvu.