Timakwera phiri kukapemphera koma phirilo sitiliona

Abale ndi alongo mwa Ambuye, pali nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere ndiye lero ndingoinena, ena mwina siikukomerani koma ndikuyankhula ngati mnzanu wa mumpingo momwemo.

Masiku ano mapemphero a kuphiri ali ponseponse kuno ku Angonia, Tsangano mpaka ku Macanga m'chigawo cha Tete ku Mozambique, Lachisanu madzulo mumaona magulu akukwera ndi mabulangete, zigubu za madzi, ena ndi sipika yomwe, kukagona konko kusala kudya. Ine sindikutsutsa ayi, Yesu mwini wake pa Marko 1:35 anadzuka kusanache nkupita kwayekha kukapemphera. Chimene chimandiwawa ndi mmene timasiyira malowo tikamatsika. Majumbo mbwee, mabotolo a Frozy, mitengo yaiwisi yogwetsedwa kuti tiothe moto usiku, ndipo motowo pena sitizimitsa umangoyenda wokha nkupsereza mbali yonse ya phiri. Munthu wafuula usiku onse kuti inu ndinu Mlengi wa kumwamba ndi dziko lapansi, kukacha akutsika maso ali pa foni, sanaone olo mbalame imodzi mwa zimene Mlengiyo analenga.

Maganizo anga ndi akuti ife akhristu tinazolowera kuona tchire mwa njira ziwiri basi, kaya ndi kokhala ziwanda kaya ndi kokatapako zinthu. Zoti Mulungu amakondwera nalo tchirelo, ndipo ifenso tingakondwere naye limodzi, sindimazimva kawirikawiri pa guwa. Chonsecho mu Baibulo zadzaza.

Tawerengani Yobu mutu 38 mpaka 41 modekha. Munthu ana ake onse amwalira, chuma chapita, thupi zilonda zokhazokha, akufunsa kuti Mulungu bwanji ine, ndiye Mulungu pomuyankha sakumupatsa chifukwa olo chimodzi, akungomutenga kumuonetsa mikango ikusaka, nthiwatiwa ikuikira mazira pansi, chiwombankhanga pa thanthwe, mpaka mvuu ndi ng'ona, zomwezi zimene abale athu a ku Zumbo ndi ku Mutarara amakhala nazo mu Zambezi tsiku ndi tsiku. Ndipo pa 38:26 pali mfundo imene imandigwira mtima kwambiri, yoti Mulungu amagwetsa mvula ngakhale ku dziko kopanda munthu. Kulibe munda, kulibe woti athokoze, koma mvula ikugwa kuti udzu umere. Ndiye kuti si zonse zinalengedwera mimba yathu, zina anazilenga poti iye mwini zimamusangalatsa. Salimo 104 nalonso likuti ana a mikango akamabangula ndiye kuti akupempha chakudya kwa Mulungu, likutchulanso mbira zobisala m'matanthwe, mbira zomwezi timaziona zikuothera dzuwa pa miyala ya kumapiri kwathu kuno.

Nanga kadzidzi anatilakwira chani? Akangolira pa denga mudzi onse wadzuka, miyala, malegeni, wina ayamba kale kudzudzula mizimu yoipa. Abale, kadzidzi wabwera kudzasaka makoswe amene akutha chimanga mu nkhokwe yanu. Ngati timakhulupiriradi kuti Yesu anagonjetsa mphamvu za mdima, mantha ndi mbalame akuchokera kuti? Mwana amene waona bambo ake, mkulu wa mpingo, akupha kadzidzi mwamantha waphunzira kuti ufiti ndi wamphamvu kuposa pemphero, olo mumuimbitse nyimbo zingati ku Sande sukulu.

Chinanso chimene chiyenera kutichititsa manyazi ndi ichi. Yendani kuchoka ku Ulongwe kulowera ku Domwe kapena kutsikira ku Zobue, muziyang'ana kumene kwatsala mitengo yachilengedwe ikuluikulu yowirira. Malo ambiri mupeza kuti ndi kumanda. Kumeneko nkhwangwa siifika chifukwa amfumu ndi akuluakulu a mwambo anakaniza, ndiye kwatsala nkhalango zing'onozing'ono mmene mbalame zimabisalamo. Anthu amene ife timathamangira kuwatchula kuti akunja asunga mitengo, pamene pabwalo la matchalitchi athu ambiri pali mbee, mwina bulugamu awiri, ndipo njerwa zomangira tchalitchicho tinaotchera mitengo ya m'mbali mwa mtsinje. Sindikuti tisiye chikhulupiriro chathu ayi, ndikuti ngati iwo akusunga msitu polemekeza makolo, ife amene timati dziko lapansi ndi la Yehova monga likunenera Salimo 24, tikulephera bwanji?

Ndikudziwa yankho limene limabwera msanga, akuti dzikoli litha, kwathu ndi kumwamba. Inde litha, koma thupi lanunso lidzatha ndipo mumalisambitsa, mukadwala mumathamangira kuchipatala. Ntchito yoyamba imene munthu anapatsidwa pa Genesis 2:15 inali yolima munda ndi kuusunga, zonse ziwiri, ife tinangotolapo kulimako. Pa Deuteronomo 22:6-7 mpaka pali lamulo la chisa cha mbalame, kuti ukatenga ana make umusiye apite. Mulungu sanaletse kudya ndiwo za kutchire, ine mbewa ndimadya, bowa ndi ngumbi ndiye osanena, koma anaika malire kuti mawa zidzapezekenso. Tsono kutentha tchire lonse mu Ogasiti chifukwa cha mbewa zodzadza kambale kamodzi, nkupha timitengo tonse tongophuka kumene, mazira a nkhwali ndi nkhanga, udzu wofolera nyumba, chimenecho ndi chani?

Mu Januwale 2022 namondwe Ana atadutsa tonse tinaona mmene mtsinje wa Revubue unachitira, mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize unaonongeka, nyumba za anthu zinapita ndi madzi. Namondwe sitingamuletse, koma madzi ambiri a mtsinje umenewo amachokera kumtunda kwathu kuno, ndipo phiri lopanda mitengo siligwira madzi, amangotsetsereka onse nthawi imodzi atanyamula dothi la m'minda mwathu. Ndiye mtengo umene ndadula kuno kukaotcha makala kapena kumangira chigafa cha fodya umakhudza m'bale wanga wa ku Chingodzi mu mzinda wa Tete, kumunsi kwa mtsinjewo, amene sindinamuonepo. Kukonda mnzako kumafika mpaka pamenepo.

Pano ndinene chilungamo, chifukwa wina wa ku Magoe akhoza kundiyankha kuti achimwene inu mukukonda njovu poti kwanu kulibe. Ndipo akunena zoona. Njovu ikalowa m'munda usiku umodzi mapira a chaka chonse atha, ng'ona imagwira mayi akutunga madzi, mvuu imagubuduza bwato la msodzi. Munthu ameneyo simungamuwerengere Salimo 104 nkumusiya choncho, kumeneko ndi kumunyoza. Paki ya Magoe inakhazikitsidwa mu 2013 m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa, ndipo isanabwere kunali kale pulogalamu ya Tchuma Tchato kuyambira zaka za m'ma 1990, imene cholinga chake chinali choti anthu okhala ndi nyamazo azipindula nazo. Malamulo a dziko lathu amanenanso kuti 20 peresenti ya ndalama zimene boma limatolera pa nkhalango ndi nyama zakutchire izibwerera kwa anthu a m'deralo. Apa mpamene mpingo uyenera kutsegula pakamwa, abusa ndi ansembe azifunsa nawo pa misonkhano kuti ndalamazo zafika kodi, zagwira ntchito yanji, mjigo uli kuti woti amayi asamapitenso kumtsinje kwa ng'ona. Kukonda nyama kosalabadira mlimi wosauka ine sindikugwirizana nako, koma kupha chilichonse choyenda nakonso ayi.

Ndipo zinthu zikhoza kubwerera. Ku Gorongosa m'chigawo cha Sofala nkhondo yapachiweniweni ija inatha mu 1992 inasiya nyama zikuluzikulu zitatsala pang'ono kutheratu, lero njovu, mikango ndi njati zachulukanso chifukwa anthu anagwirapo ntchito zaka zambiri. Ngati zinatheka kumene kunadutsa mfuti, kuphiri kwathu kumene mdani wake ndi machesi ndi nkhwangwa basi kungakanike?

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi a Sande sukulu ndi atsogoleri a achinyamata. Ana athu ambiri amadziwa mayina a osewera mpira a ku Ulaya koma muwaloze mtengo wa msuku, muwanga kapena mlombwa sakuudziwa, kulira kwa njiwa ndi kwa nkhwali sasiyanitsa. Kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala mitengo ya mombo imatulutsa masamba atsopano ofiira mvula isanagwe nkomwe, phiri lonse limasintha mtundu. Atengeni anawo Loweruka limodzi mmawa, sizifuna metikali olo imodzi, muitane agogo amodzi odziwa mitengo ndi mbalame aziwauza mayina ndi ntchito zake, mukafika pamwamba muwerenge Mateyu 6:26 ana akuziona mbalamezo ndi maso awo. Ku mpingo kwathu ndikaipereka nkhaniyi kwa akulu ampingo Lamulungu likubwerali, ndipo ndikapemphanso kuti nyengo ya mvula ikayamba banja lililonse lidzabwere ndi mbande imodzi ya mtengo wachilengedwe tidzadzale kuzungulira tchalitchi.