Mwaiwala Courtauld ya ku Mutare

Nkhani yanu yanyumba zakale za zisudzo mmatauni a kumapiri ndaikonda koma bwanji simunatchule Courtauld Theatre? Ine ndimakhala ku Mbare kuno ku Harare, tinapitako ndi malume pa basi, ulendo wamakilomita oposa 250, ukangotsika Christmas Pass tauni yonse ili pansi apo mapiri atayizinga. Holoyo inamangidwa ndi ndalama za Stephen Courtauld ndi mkazi wake Virginia, omwe anadzakhala ku esiteti yawo ya La Rochelle kufupi ndi Penhalonga mu 1951, ndi omwewonso anathandiza National Gallery, nyumba yathuyi yoonetsera zojambula kuno ku Harare. Malume akuti nthawi ya atsamunda iwo zisudzo zawo zinali gule pa bwalo basi, ndiye tsikulo anakhala mpando wakutsogolo jekete ali chivalire, osafuna nkutuluka komwe kkkk